Kukaona Magazi a Malungo ndi Alamu Anga

Tinanyamuka m'mudzi hafu faifi m'mawa, Lachinayi lina m'mwezi wa Malichi, mvula itangokata kumene. Tinali awiri, ine ndi a Lingisoni Banda, alongo ake aakulu a mkazi wanga. Ine ndinavala suti imene ndinapumira nayo pa ntchito ya uphunzitsi, iwo anavala jekete la mvula ndi chipewa chawo chija chimene amavula m'tchalitchi mokha. Mkazi wanga Nabanda anatiperekeza mpaka pa mjigo, n'kundipatsa jumbo ya mondokwa wophika.

"Mwapita awiri, mukabwerenso awiri," anatero. "Wobwera yekha adzagona m'khola."

Nabanda sanalankhule zimenezo mwangozi. Nyumba yanga ndi ya a Lingisoni n'zoyang'anizana, timapemphera mpingo umodzi, ndipo tonse ndife akulu a mpingo, koma kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri iwo anali asanapisepo dzanja m'mbale imodzi ndi ine. Ngakhale mawu oti alamu anali atawaiwala. Ankangonditcha aphunzitsi, ngati kholo lodzadandaula za mwana wolephera mayeso.

Chiyambi chake ndi Limbani, mwana wathu woyamba. Ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, ine ndinapita ku maphunziro a aphunzitsi kwa milungu itatu. Nditabwerako ndinamunyamula monga amachitira bambo aliyense. Patapita masiku anayi mwana anatentha thupi, kenako anayamba kuphupha ndi kukomoka, maso atatembenuka. Tsiku lachitatu anatisiya tili naye panjira, a Lingisoni akupalasa njinga, Nabanda ali pa kaliyala ndi mwana, ine ndikuthamanga pambuyo, madenga a chipatala tikuwaona. A Lingisoni, monga eni mbumba, anagamula kuti linali tsempho. Kwathu kuno mawu amenewo amatanthauza kuti bambo wayenda ndi mkazi wina, n'kubwera ndi thupi lotentha kudzagwira mwana, ndiye wamudula. Munthu wotero anthu amamuopa, ndipo salola kuti awathirire mchere m'chakudya. Umboni wa a Lingisoni unali umodzi wokha. Mwana wawo Mphatso anadwala mlungu womwewo, kutentha thupi komweko, koma anachira. Wina kuchira, wina kufa, ndiye kuti wakufayo panali chimene chinamukankha.

Ine chinthu chimenecho sindinachite, ndipo ndikunena mosaphethira. Nabanda anandikhulupirira. Koma mpingo wathu sulola zokhulupirira tsempho, choncho nkhaniyo sinafike pa bwalo lililonse pamene ndikanadziyankhira. Inangokhala m'mudzi ikuyenda chapansipansi, ndipo ine mkamwini ndinaisenza mpaka imvi.

Patapita zaka ziwiri kunabadwa Tamanda. Mwana ameneyu anakula akudziwa kuti pakhomo pali dzina losatchulidwa, ndipo ndimaganiza kuti n'chimene chinamukokera ku sayansi. Lero amagwira ntchito mu labu ina ku Lilongwe, kumene amafufuza magazi a ana odwala malungo aakulu. Ndi iyeyo amene anatiitana.

"Ababa, mubwere mudzaone ntchito yanga," anatero pa foni, "koma mubwere ndi amalume. Mukafika nokha ndiuza alonda kuti sindikukudziwani. Mutengenso kadi ya kusikelo ya achimwene anga."

Tamanda anawaimbira foni a Lingisoni paokha. Munthu ameneyu akhoza kukana boma, koma Tamanda sangamukane, poti ngakhale njinga imene mwanayo ankayendera ku sekondale inali yawo. Choncho kadi ya Limbani ndinaitulutsa m'Baibulo momwe inakhala zaka zonsezi, n'kuiika m'thumba la m'kati la suti.

Pa mphambano ya kusukulu tinapeza njinga yamoto imodzi yokha. Mwini wake, bambo wa magambuti ofika m'maondo, anati K1,500 aliyense mpaka pa Kabudula, chifukwa cha matope. A Lingisoni anaponya maso uku ndi uku kufuna njinga yachiwiri, koma kunali zii. Tinakwera tonse, ine pakati, iwo kumbuyo. Munthu wina aliyense akanandigwira m'chiuno, koma alamu angawo anagwira kaliyala ndi manja onse awiri, thupi atalipendekera kumbuyo kuti lisandikhudze. Tikudutsa pa dambo njinga inatsetsereka, ndipo ndinamva zala zitandikola pa lamba. Titangoyamba kukwera mtunda anabweza manjawo msangamsanga ngati agwira mbaula. Ndinaseka chamumtima mpaka pa Kabudula.

Minda inali pachimake. Chimanga chinali chitabereka, mtedza utayala, fodya akulowa m'zigafa. Mwezi umenewu kwathu n'kokongola zedi, koma ndi mwezi womwenso zithaphwi zimakhala paliponse, ndipo udzudzu umaswana mosaopa munthu.

Pa Kabudula tinafika itangodutsa sikisi. Njira yolowera kuchipatala inali itadzaza kale amayi, ana ali kumsana, ena atawafunda zitenje mpaka kumutu. Mayi wina anatsika pa ngolo chothamanga, mwana ali lende m'manja. Ndinaona a Lingisoni akumutsatira ndi maso mpaka atalowa pageti, kenako anakokera chipewa chawo kutsogolo. Tonse tinakumbukira chinthu chimodzi, koma aliyense anachimeza payekha.

Minibasi ya ku tawuni tinaipeza injini ikulira ngati ikunyamuka pomwepo. Kondakitala, bambo wa ndevu zoyamba kuyera, anati K3,500, ndipo analumbira kuti kwatsala anthu awiri okha. Anthu awiriwo tinawadikira ola lathunthu. Ndinamasula jumbo ya Nabanda n'kupereka mondokwa kwa a Lingisoni.

"Ndadya kale, aphunzitsi," anayankha.

Ine ndinkadziwa kuti pamene timanyamuka pakhomo pawo panali pasanafuke utsi. Ndinadya ndekha, ndipo mondokwa wawo ndinagawira mayi wa geni ya tomato amene anakhala pambali panga, dengu ali nalo pamiyendo. Mayiyo atatha theka la chisononkho anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi.

"Kodi abambo, suti imeneyi ndi ya kukhoti kapena ya kuukwati?"

"Ya ku labu, mayi," ndinayankha mokweza kuti a kumbuyo amvenso. "Mwana wanga wamkazi ndi wasayansi. Amafufuza magazi a ana."

Ndinkayembekezera kuti anthu ayamikira. M'malo mwake mayi uja anakokera dengu lake kutali ndi ine.

"Magazi a ana? Si anamapopa aja amenewo, eti?"

Ndisanatsegule pakamwa, a Lingisoni, amene kuyambira m'mudzi anali atalankhula mawu atatu okha, anatembenuka ndi tsinya.

"Mayi, samalani pakamwa panupo. Ameneyo ndi mwana wa mlongo wanga, mbumba yanga. Magazi amene amatenga ndi timadontho, ndipo makolo amayamba avomera okha, n'kudinda chala. Akufuna adziwe chimene chikutha ana athu. Inuyo wanu akakomoka mudzathamangira kwa ndani?"

"Pepani abambo, ndimangofunsa," anatero mayiyo, dengu likubwerera pamalo pake.

"Tsono mwanayo ndi wa ndani kwenikweni?" anafunsa kondakitala. "Wa awa a suti kapena wa inu a chipewa?"

"Wanga!" tinayankha tonse nthawi imodzi.

Minibasi yonse inafa ndi chiseko, mpaka dalaivala anamenya chiwongolero.

"Akanakhala wakuba nkhuku bwenzi mukukankhirana," anatero kondakitala uja, akutseka chitseko ndi phewa.

A Lingisoni sanaseke, koma ndinaona ndevu zawo zikugwedezeka. Ineyo mtima unali myaa. Tsiku limenelo ndi limene ndinamva koyamba alamu anga akuikira kumbuyo chinthu cha m'nyumba mwanga pagulu.

Pa Nsaru tinaima kota pasiti eyiti, n'kutsitsa anthu atatu, n'kukweza asanu ndi thumba la mbatata. Kuseri kwa mashopu kunali kadimba kotchingidwa bwino ndi masikito a buluu, omwe aja amagawa kusikelo kuti ana azigonamo. Ndinaloza ndi chala n'kunena kuti repu wa kuno sadwala malungo. A Lingisoni anayang'ana kumbali ina, poti anapiye awo kumudzi amagona m'masikito a mtundu womwewo. Kuchokera apo minibasi inathamanga bwino, mphepo ikulowera pawindo limene linalibe galasi, mpaka tinatulukira mumsewu wa ku Mchinji cha ku Njewa. Pamenepo magalimoto anayamba kuchuluka, ndipo tinayenda pang'onopang'ono kulowa m'tawuni. Pa depoti tinakwera minibasi ina ya K700, tinatsika pamene Tamanda anatiuza, n'kuyenda pansi kamtunda kochepa. Leveni koloko inatipeza pageti.

Mlonda anatiyang'ana n'kuimirira. "Kodi ndinu abambo awo a madamu Phiri? Akukudikirani, lowani."

A madamu Phiri! Mwana yemwe ndinkamuchotsa matekenya ndi pini! Ndinamva ngati ndatalika, ndipo pageti paja ndinadutsa ndikuyenda ngati nduna. Tamanda anatulukira m'khonde atavala chovala choyera chofika m'maondo, kadi ya dzina lake ikulendewera pakhosi. Atafika pamene tinaima anagwada pa simenti pomwepo, anzake akuona, n'kuyamba kupereka moni kwa amalume ake, kenako kwa ine. Ndinayang'ana padenga kuti misozi ibwerere.

Anatisambitsa m'manja, n'kutiveka ifenso zovala zoyera. A Lingisoni anayang'ana chipinda chimene tinkalowacho, makina akulira chapansipansi, mafiriji atandanda kukhoma, ndipo anavula chipewa popanda wowauza. M'katimo munkazizira ngati m'mawa wa mu Juni. Tamanda anatikhazika pa mipando yaitali, naika kagalasi kopakidwa kadontho ka magazi pansi pa maikulosikopu, makina aja okulitsa zinthu zosaoneka ndi maso. Anayamba ndi amalume ake. Iwo anatsinzina diso limodzi, kenako linalo, kenako onse awiri, mpaka Tamanda anawagwira mutu n'kuwaika bwino.

"Ndikuona timikanda tofiirira," anatero. "Tina tili ndi kamphete m'kati."

"Timikandato ndi maselo ofiira a magazi, amalume. Kampheteko ndiko kachilombo ka malungo. Magazi amenewa ndi a mwana wa zaka ziwiri amene anabwera atakomoka."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Dzulo anadya phala."

A Lingisoni anapuma mozama n'kundipatsa malo. Ine malungo ndinawaphunzitsa m'kalasi zaka zambiri, ndikujambula udzudzu pabolodi ndi choko, koma mdani mwiniwakeyo ndinamuona tsiku limenelo. Kanali kanthu kakang'ono mochititsa manyazi.

Tamanda anatenga pepala n'kujambula kamtsempha. Anati tizilomboti tikalowa m'maselo ofiira timawasandutsa omata, ndipo maselo omatawo amakakamira m'timitsempha tating'onoting'ono, ngakhale ta mu ubongo, magazi n'kumayenda movutikira.

"Ngati paipi yothirira kudimba ikalowa matope," anatero a Lingisoni.

"Ndendende, amalume. Tsono thupi lili ndi kampweya kake kamene limapanga lokha m'mitsemphamo. Dzina lake ndi naitiriki okosaidi. Ntchito yake ndi kufewetsa mitsempha kuti itseguke, ndi kusalaza m'kati mwake kuti zinthu zisamamatirire. Kale akatswiri ena ankaganiza kuti kampweya kameneka kakachuluka ndiye kamakomola mwana. Ataunika bwino magazi a ana odwala kwambiri, anapeza kuti nthawi zambiri kamakhala kataperewera. Maselo ofiira akamasweka, zotuluka m'menemo zimakameza, ndipo zimene thupi limapangira kampweyako nazonso zimachepa. Ine ntchito yanga ndi kuyeza zimenezi m'magazi a mwana aliyense, n'kuona kuti wochira akusiyana pati ndi wosachira."

A Lingisoni anayesa kutchula dzina lija kawiri, lilime linakana, ndipo anangoti "kampweya kakoko". Tamanda anapitiriza kuti asilikali a m'thupi nawo sakhala chete. Akamva kuti mdani walowa amaitanizana, thupi n'kutentha, ndipo zimenezo n'zabwino chifukwa ndi mmene amaphera tizilombo. Koma mwa ana ena nkhondoyo imapyola muyeso, mitsempha imapweteka, ubongo n'kuyamba kutupa.

"Zimenezo ndikuzidziwa," anatero alamu anga akugwedeza mutu. "Fodya wa chikopa amafuna moto. Koma chaka china ndinausonkhezera kwambiri, balani yonse inapsa ndi fodya yemwe."

Tamanda anaseka n'kunena kuti fanizo limenelo alibwereka akamakaphunzitsa anzake. Koma a Lingisoni sanaseke. Anaika chipewa chawo patebulo, n'kuchisalaza ndi dzanja kwa kanthawi.

"Tamanda, ndikufunse. Ana awiri, mudzi umodzi, mlungu umodzi, udzudzu womwewo. Wina adzuka n'kuyamba kusewera, wina apita. N'chifukwa chiyani?"

Funso limeneli ndi limene linandimanga zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo linali lisanafunsidwepo ine ndili pomwepo.

"Amalume, funso limenelo ndi limene ndimadzukira m'mawa uliwonse," anayankha Tamanda. "Matupi a ana sali chimodzimodzi. Wina tizilombo timamuchulukira msanga. Wina thupi lake linakumanapo ndi malungo kangapo, ndiye asilikali ake anaphunzira kumenya mosaotcha nyumba. Wina amabadwa ndi magazi amene tizilombo sitikondwa nawo. Wina kampweya kaja kamamuthera msanga. Zonse sitinazidziwe, n'chifukwa chake ndili pano. Koma kuwodi ndaonako ana a abusa atakomoka. Ndaonako ana a amayi amasiye, pakhomo popanda mwamuna aliyense. Ndinaonaponso mapasa, bambo wawo mmodzi, wowanyamula m'manja omwewo, wina anachira, wina tinamutaya."

Tamanda anandipempha kadi ija, naiyala patebulo mosamala chifukwa inali itayamba kuthetheka m'mapindo. Pambali pake anaika pepala limene madokotala amalembapo zizindikiro za mwana wobwera atadwalika.

"Inu ndi amene munawanyamula achimwene anga pa njinga," anatero kwa amalume ake. "Ine sindinawaone. Tandiuzani mmene analili."

Sindinkaganiza kuti ayankha, koma anayankha, maso ali pa tebulo. Anati thupi linali moto. Anati ankasanza chilichonse, ngakhale bere anakana. Anati ankaphupha, khosi litapindikira kumbuyo, ndipo tsiku lomaliza ankamutsina koma osalira. Anati m'manja munali mutayera ngati pepala, ndipo ankapuma mokoka ngati munthu wokwera phiri. Chilichonse chimene ankatchula, Tamanda ankachonga pa pepala lija, chifukwa chinali cholembedwapo kale. Atamaliza anatembenuza pepalalo kuti liyang'ane kwa iwo. Kenako analoza kadi ya kusikelo, pamene mzere wa kulemera kwa mwana unkakwera mwezi ndi mwezi mpaka pomwe unathera.

"Kodi amalume, mwana amene anthu amati ali ndi tsempho amaoneka bwanji?"

"Amatupa masaya ndi miyendo," anayankha motsitsa mawu. "Amakhosomola, amatha pang'onopang'ono." Anayang'ananso mzere wa pa kadi ija. "Limbani sanatupe."

Aka kanali koyamba kumva dzina limenelo likutuluka pakamwa pawo chimuikireni mwanayo m'manda.

"Magazi a achimwene anga sindingawayeze, anapita ine ndisanabadwe," anatero Tamanda. "Koma mwana atabwera lero ndi zimene mwanenazi, dokotala aliyense anena kuti ndi malungo a mu ubongo. Ababa sanamudule mwana, amalume. Anali malungo."

Zaka zonsezi ndinali ndi mawu amene ndinakonzera tsiku limeneli. Ndinkawabwereza ndikulima, ndikumeta ndevu, ngakhale m'tchalitchi nthawi ya ulaliki wautali. Anali mawu akuthwa, ndipo ndinali wokonzeka kuwakhuthula onse. Koma ndisanayambe, a Lingisoni anafunsanso funso lina.

"Masiku awiri aja ndinkamumwetsa mitsitsi ya tsempho. Ndinakaniza kuti asapite kuchipatala. Tikanathamanga naye tsiku loyamba, akanachira?"

Tamanda anawayang'ana m'maso. "Mwina akanachira, mwina ayi. Sindingakunamizeni. Koma kufulumira kumapulumutsa ana ambiri."

Ndinaona munthu wamkulu, wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, akufota pa mpando ngati tsamba la dzungu padzuwa. Mawu anga akuthwa aja anangosungunuka. Ndinazindikira kuti pamene ine ndinkasenza bodza, iwo ankasenza chinthu china cholemera, ndipo bodza lija ndi limene ankachiphimbira.

"Ine ndinali mphunzitsi," ndinatero. "Malungo ndinkawadziwa, koma ndinaopa kutsutsa eni mbumba. Tinachedwa tonse."

A Lingisoni anatenga chipewa chawo, anafunsa kumene kuli chimbudzi, ndipo anakhalako nthawi yaitali. Tili chidikirire kunalowa bambo wina wa tayi, wamkulu msinkhu kuposa Tamanda, atanyamula mapepala. Anaima chapatali mwaulemu kudikira kuti mwana wanga aone zotsatira zake n'kusaina. Tamanda anawerenga, analoza pena pake, bamboyo anavomera kuti akabwereza. Ndinayang'ana zonsezo ndipo ndinanyada, ndikunena poyera, ndinanyada mopanda manyazi. Mwana wa ku Kabudula, wokulira pa chigumu ndi nyali ya koloboyi, akuuza anthu a tayi kuti akabwereze.

Hafu wani Tamanda anatiperekeza pageti. Anafuna kutigulira chakudya, koma amalume ake anati sakumva njala, ndipo iye sanakakamize. Anawagwira dzanja ndi manja onse awiri n'kuwauza kuti nyengo ino akaona mwana wotentha thupi m'mudzi, asadikire kuti kuche kawiri. Iwo anangogwedeza mutu. Kuchokera pageti mpaka pa depoti, kuchokera pa depoti mpaka kutuluka m'tawuni, sanatsegule pakamwa. Ndinayamba kuganiza kuti ulendo wonsewu wangowonjezera chilonda, ndipo kuti tikafika kumudzi ndikhalabe aphunzitsi mpaka imfa.

Tikuyandikira pa Njewa anamenya denga la minibasi.

"Titsike apa," anatero. "Njala yandigwira."

Kondakitala anatikumbutsa kuti tinali titalipira mpaka ku Kabudula, koma a Lingisoni anali atatsika kale. Ndinawatsatira, poti mawu a Nabanda a m'khola aja ndinali ndisanawaiwale. Analunjika pa chiwaya cha bambo wina wokazinga chipisi pansi pa mtengo wa kesha.

"Mbale ziwiri, abambo?" anafunsa wachiwayayo.

"Imodzi. Yaikulu."

Wachiwaya anakokola chipisi cha K2,000, anaikapo kabichi ndi tomato, n'kutambasula dzanja kuti atenge kabotolo ka mchere. A Lingisoni anamugwira mkono.

"Ayi, siyani. Athira awa."

Anatenga kabotoloko n'kukakankhira kwa ine pa thabwa paja. Wachiwayayo sanaone chachilendo, anangotembenukira kasitomala wina. Koma ine ndinadziwa chimene chinkachitika. Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri munthu ameneyu ankadzuka pamphasa ndikangoyandikira chakudya.

"Thirani mchere, alamu," anatero.

Ndinapendeketsa kabotoloko, koma kachivindikiro kanali ndi mabowo aakulu. Mchere unakhuthukira pa chipisi mpaka chinayera. A Lingisoni anapisa dzanja, anatafuna, nkhope inakwinyika, anameza.

"Mwachulutsa, alamu," anatero, "koma tidya."

Tinadya mbale yonse, titaimirira m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, malole akutiwaza fumbi, akuluakulu awiri a mpingo akupukuta m'maso n'kumanamizira utsi wa chiwaya. Palibe amene anapepesa ndi mawu pamenepo, ndipo sindinafunenso.

Minibasi ina inatitenga fili koloko, ndipo pa Kabudula tinapeza bambo wa magambuti yemwe uja. Ulendo uno a Lingisoni anandigwira m'chiuno kuyambira poyambira, mwamphamvu mpaka chipisi chinafuna kubwerera. Tinafika m'mudzi dzuwa lili pafupi kulowa. Nabanda anali pa mjigo ndi amayi ena asanu kapena asanu ndi mmodzi, akunamizira kutunga madzi pomwe ndowa yake inali itadzaza kale. Anatiwerenga ndi maso n'kupeza kuti tilipo awiri. A Lingisoni sanapite kunyumba kwawo. Anaima pa mjigo pomwepo, anavula chipewa kachiwiri tsiku limenelo, n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Mlongo wanga, amuna akowa ndinawalakwira. Limbani anafa ndi malungo. Ndawaona ndi maso angawa."

Mjigo unasiya kulira. Nabanda anakhala pansi pa simenti yonyowayo n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Amayi enawo anayang'anizana, ndipo ndinadziwa kuti pofika m'mawa nkhaniyo ikhala itazungulira mudzi wonse, m'njira zomwe zija inayendera yoyamba.

Pa ulendowu ndinaphunzira dzina la kampweya kamene mpaka lero ndimalitchula mopunthwa, ndinaphunziranso kuti funso la alamu anga silinali lopusa. Analiyankha molakwika, koma ndi funso lomwelo limene anthu ophunzira akulisakasaka ndi makina, ndipo mmodzi wa iwo ndi mwana amene tinalera tonse awiri, ine ndi choko, iwo ndi njinga. Ludzu la mchere wa pa Njewa uja linandigwira mpaka tsiku lotsatira, ndipo sindinadandaule.